Thonje la Ba Katongo

Ku Migodi, 10 Januwale 1971

Bana Kangwa,

Chigayo? Mwati chigayo? Ine kusenza galamafoni kuchokera pa Luwingu mpaka kwanuko, mvula ikundikwapula, mabatire nditawafunditsa malaya ngati khanda, kuti mkazi wanga alaweko nyimbo zenizeni pa Khirisimasi, inu n'kungoti, "Tazimitsani chigayocho, mwana akugona." Ndabwerera kuno, kalata yanu yanditsatira, mawu ake omwewo, mwina poganiza kuti sindinamve. Ndinamva, mayi. Makutu angawa amamva ngakhale nsabwe ikamatsokomola.

Iii, mwambo ndaiwala. Moni. Muli bwanji? Mwana wathu Kangwa chimfine chija chinamusiya? Ine ndili gwa, kupatula mtima womwe munaupondawo. Nanunso alamu Ba Mwenya, amene mukumuwerengera mlongo wanu kalatayi, moni. Muwerenge zonse, osadumpha mizere ngati mmene mumadumphira mayina ovuta a m'Baibulo Lamulungu.

Tsono tcherani khutu nonse awiri. Nyimbo zimenezi si zija za pawailesi, zoti kamnyamata kopesa bwino kakulira poti chibwenzi chakakana. Izi wailesi imaziopa. Ngakhale azungu eni akewo amazida. Kapitawo wathu akazimva amachita tsinya ngati waponda za galu. Anaziimba anyamata osasamba a kutsidya la nyanja, zaka zingapo zapitazi, m'timabala ta pansi pa nyumba momwe apolisi ankalowa ndi zibonga. Ena anapenga, ena anafa, wolemera palibe. Mbalezo anandisiyira fitala wachizungu uja, wokonza makina wa tsitsi la m'mapewa, tsiku lomwe anamukweza ndege chifukwa cha chamba. Zikuto zake chiswe chinadya, Chingerezi changa chinathera Sitandade 3, ndiye mayina ndinazipatsa ndekha.

Ija munaitukwana ija ndimaitcha Maliro a Chidakwa. Nyimbo imodzi, mbali yonse ya mbale! Imayamba ndi limba ngati la kutchalitchi kwa alamu, pang'onopang'ono, ngati anthu anyamula bokosi koma nawonso alawako. Kenaka gitala imalowa yosasa mawu, ngati mavu atsekeredwa m'chitini, ikwera, ikwera, mpaka umagwira mpando. Ndiye pakati penipeni zonse zimangoti zii. Kumatsala kansambo kamodzi, patali, kakunjenjemera ngati udzudzu. Pamenepo ndi pomwe ndimafera ine. Inu pamenepo n'kuti mutatuluka kale kukapitikitsa nkhuku.

Tsiku lina mudzandimva ndikuiimba ndekha pamaso pa anthu, ndipo mawu anu aja mudzawameza opanda madzi.

Ndaikamo K6. Mchere, sopo, palafini. Osati duku la amayi anu.

Ndine mwini chigayo,
Lombe


21 Malichi 1971

Bana Kangwa,

Moni nonse. Ndamva kuti Kangwa wamera mano awiri. Muzimulumitsa alamu, tione ngati ali akuthwa. Ine ndili bwino, kudya ndikudya, tinsomba ta kapenta Lolemba mpaka Loweruka, moti ndikatsokomola mumatuluka timaso.

Nkhani ndi iyi: ndalowa bandi. Mwini wake ndi Sampa, kalaliki wa kusitolo ya mgodi, wamfupi ngati mtondo, koma buluku lake kumapaziku mungasokemo madiresi anu awiri. Dzina la bandi ndi lachingerezi, alamu angalume lilime. Kumasulira kwake ndi Mavu Akuda. Sampa atandimva anati, "Iwe mlimi wa chinangwa, zimenezi wazitenga kuti?" Ndinati, "Kumunda, bwana, zimamera pansi pa chinangwacho." Ndiye wandipatsa gitala yachiwiri.

Kuphunzira kwake n'kotere. Umagona chafufumimba, khutu n'kulimata pasipika, kukweza mawu mpaka mapeto, chala chili pambale kuti iziyenda pang'onopang'ono. Ukatero umamva chilichonse, ngakhale mzungu akumeza malovu. Panopa ndikulimbana ndi ina yomwe ndimaitcha Basi Yopanda Mabuleki. Woimba wake saimba, amatukwana winawake, mwina bambo ake. Mawu sindiwamva koma ndikugwirizana naye. Ng'oma imathamanga, gitala ikuithamangitsa, ndipo nyimboyo simatha, imangogwera kuphedi. Mawu osasa ajanso tawatulukira chinsinsi chake: umatenga lezala n'kuchekacheka pepala la m'sipika. Sampa anatsala pang'ono kulira pomwe ndinkacheka ampu yake, bokosi lokweza mawu a gitala. Titayatsa, agalu a komboni yonse anayankha.

Andisinthira chipinda. Tsopano ndimagona ndi nkhalamba ina, Ba Katongo, woboola miyala ngati ine, koma iye anayamba inu musanabadwe. Ndi gonthi, gonthi weniweni ngati chitsa. Ndiye sewero sindisowa. M'mawa uliwonse ndimamugwadira mwaulemu, kuwomba m'manja, kumwetulira mpaka mano onse, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, chikutumbwe chonunkha mkodzo?" Iye amakuwa, poti agonthi salankhula koma kukuwa, "Bwino, mwana wanga, Mulungu akusunge!" Anyamata amagubuduzika pansi. Nthawi zina ndimangogwedeza milomo osatulutsa mawu, iye n'kumapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi.

Mwafunsa za nsapato za mwana. Mwana wosayenda, nsapato za chiyani? Ndinagula nsambo za gitala.

Lombe, wa Mavu


27 Juni 1971

Bana Kangwa,

Moni. Kuno kukuzizira ngati mtima wa apongozi. Mwana muzimufunditsa. Ine kuzizira sindikukumva, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Dzulo masana Mavu Akuda aluma! Holo ya komboni inadzaza, ena mpaka pamazenera. Ana a sukulu, anamwino, ngakhale azungu awiri opanda nsapato. Tinayamba ndi zofewa kuti asathawe. Kenaka Maliro a Chidakwa. Pofika pa kaudzudzu paja, Sampa anandikodola, onse n'kusiya, kutsala ine ndi nsambo imodzi. Bana Kangwa, holo yonse inasiya kupuma. Mayi wogulitsa thobwa la munkoyo pakhomo anaiwala chikho m'manja mpaka chinatayikira pamapazi. Ndikanafa pomwepo mukanandiika ndikumwetulira. Ndinaima chogundana ndi ampu, malaya akunjenjemera pamsana, ndipo mpaka pano m'makutu mukulira kanyimbo, tsiii, osaleka. Ena amalipira kuti amve nyimbo, ine ndimayenda nayo yaulere.

Pansi pamgodi anthu amatseka makutu ndi thonje tikayatsa makina oboolera. Ine ayi. Makina aja ndi ng'oma yabwino kuposa ya m'bandi mwathu, ndipo nyimbo zanga ziwiri ndazipeka ndili nawo m'manja. Ba Katongo tsiku lililonse m'chikepe amandikankhira thonje m'dzanja, akukuwa anthu onse akumva, "Tseka, mwana iwe! Makutu si chinangwa, saphukanso!" Lachinayi la sabata yatha ndinalilandira ndi manja awiri. Titaweruka ndinathamangira kuchipinda, kulilowetsa m'mphuno, kumanga chibwano ndi mpango, n'kugona chagada bulangete mpaka m'khosi. Anyamata anabisala kuseri kwa chitseko. Nkhalamba italowa, poto wa nyemba anagwa. Inagwada, ikundigwedeza, ikuitana dzina lina, "Chibale! Chibale!" Ndiye ndinatsegula diso limodzi n'kuitsinzinira. Kuseka kwake! Pambuyo pake ndamva kuti Chibaleyo anali mwana wake amene anamwalira, anamuona komaliza ali ndi thonje momwemo. Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Anandisala masiku angapo, koma dzana thonje linali m'dzanja langa ngati kale. Zitsiru zina sizitopa.

Nthawi yodula nthambi za munda wa mawere yakwana, ndipo ndikudziwa kuti atate anu ayamba kale nyimbo yawo yoti mkamwini sakwera mitengo. Ndaikamo K8, muphike mowa anthu akwere. Ayambe ndi alamu, ali kale pafupi ndi kumwamba.

Lombe


12 Sepitembala 1971

Bana Kangwa,

Moni. Ndili bwino. Ndani wakuuzani kuti sindili bwino?

Dziko ndi lomwe likudwala. Zinthu za masiku ano n'zabodza zokhazokha. Singano za galamafoni ndagula kangapo, zonse zakufa. Mabatire ngofooka. Ndipo mbale yanga ya Maliro yaperepeseka: limba lilipo, ng'oma ilipo, koma pa kaudzudzu paja pangokhala zii, singano ikungoyenda ngati munthu wodutsa pamanda. Sampa akuti iye akukamva. Sampa ndi wabodza chibadwire, n'chifukwa chake anamulemba ukalaliki.

Anthunso ayamba kulankhulira m'mphuno. Pokonzekera Lachitatu ndinangoona onse asiya kuimba akundiyang'ana. Wang'oma anati chakutichakuti, ine ndinati, "Tsegula pakamwa, mbuzi iwe, ukubzikula chiyani?" Sampa anayandikira n'kuti, "Tinasintha nyimbo kalekale, iwe ukadali kumaliro." Kunali kuseka. Nanenso ndinaseka, nthabwala yabwino sindiimana ulemu.

Bwerani mu Okutobala, sabata ya ufulu, tidzaimba masiku atatu. Ya basi ndi iyi. Mubwere ndi Kangwa, poti mwati wayamba kulankhula ndipo akuti "tata" kwa tambala aliyense. Adzanene kwa mwini wake. Mutengeko ufa wa chinangwa ndi mtedza. Alamu atsale, kuno Satana ndi wochuluka, sangamuthe okha.

Lombe


14 Novembala 1971

Bana Kangwa,

Ndikhulupirira munafika bwino. Ine ndili bwino.

Koma ndinu munthu wotani? Mwakhala sabata yathunthu, mwaona ndi maso anu mwamuna wanu ali patsogolo penipeni. Sampa wandichotsa kumbuyo kuja, akuti, "Iwe ndiwe nkhope ya bandi, uzidumpha, uzigubuduzika, uziimba uli chagada." Wandigulira malaya ofiira a mphonje. Ngakhale chingwe cha gitala amandilumikizira yekha, ine ndimangofika ngati bwana. Simunaone mmene anthu ankasekera, kundiloza, ana kukwerana pamapewa? Holo yonse ikusangalala, mkazi wanga yekha wafunda chitenje kumaso, akulira ngati ndamwalira. Ndikukufunsani kunyumba kuti nanga chigayo chija mwachimva bwanji, inu kungoyang'ana pansi. Kunyada. Mtundu wanu wonse ngonyada.

Ndipo mwanayo mumam'patsa chakudya? Munati amalankhula. Ine ndinamunyamula masiku onsewo, amangotsegula ndi kutseka pakamwa ngati nsomba ya pambedza. Mawu ake ali kuti? Tsiku lija anandikoka khutu n'kumachita kakamwa kake momwemo, inu munatulukiranji panja? Mupite naye kuchipatala, mwina watengera kwanu.

China. Munkakamba chiyani ndi Ba Katongo kuseri kwa bafa, mukulozerana ndi manja? Mpaka kumuchapira malaya! Ngati mukufuna nkhalamba nenani, ndikupatsani yaulere pamodzi ndi thonje lake.

Zomwe munanena pazenera la basi sindinamve, injini inali pamwamba. Alamu alemba m'kalata kuti munati, "Siyani bandi, bwererani kumudzi." Alamu, zimenezo mwaonjeza nokha. Ndipo za dokotala wa makutuzo mukawauze agogo anu.

Mphalabungu zikatuluka munditumizireko. Musadye zonse ngati chaka chatha.

Lombe, nkhope ya bandi


20 Febuluwale 1972

Bana Kangwa,

Moni. Ndakhala chete chifukwa dzanja linali lomanga. Musamve za anthu. Ngolo ya miyala inangondipsopsona paphewa, basi. Akuti woyendetsa analiza belu, akuti anthu anakuwa. Ngati anakuwa, anakuwira m'matumba mwawo. Anandigwetsera pambali ndi Ba Katongo, mpaka kundithyolera wotchi, chitsiru. Tsopano andikweza: sinditsikanso pansi, ndimasesa m'nyumba yosinthira zovala. Mpweya wabwino. Malipiro atsikako pang'ono, ndiye K3 iyi muikoke ngati legeni.

Chomwe chikundinyansa ndi kuba. Nthabwala yanga ija yogwedeza milomo popanda mawu, anyamata a bandi aiba. Ndikangolowa, onse milomo yokha. Ndinati chabwino, sekani, n'zanga zomwe. Koma afalitsa komboni yonse! Mayi wa munkoyo akuchita. Kondakitala akuchita. Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi kubisala mvula, abusa nawonso, ulaliki wonse milomo yokha. Sampa ali ndi mphamvu, ndamugonjera. Yemwe sanalowe m'chiwembuchi ndi Ba Katongo yekha, poti iye kukuwa ndiye kulankhula.

Mbale za fitala ndimaziikabe ndikaweruka. Zonse zaperepeseka tsopano, koma zilibe kanthu, ndimazidziwa pamtima. Ndimayang'ana pomwe singano yafika, zina zonse mutu umaimba wokha. Anyamata osasamba aja ankadziwa chinthu chimodzi chomwe abusa sadziwa: munthu akamawawidwa safuna kumutonthoza, amafuna wina wokuwa naye limodzi.

Koma imvani izi. Mavu Akuda akupita kukajambula mbale. Mbale yeniyeni, yakuda, yozungulira, ya ife ana a chinangwa! Mu Epulo. Ndinamufunsa Sampa kuti ine ndiimba ziti, anandimenya paphewa lowawalo n'kuseka. Ndiye kuti zonse. Ikadzatuluka ndidzakutumizirani. Muzidzavundikira mphika ngati mukufuna, koma dzina langa lidzakhala pamenepo.

Kangwa akunena mawu ati tsopano? Ndikungofunsa.

Lombe


9 Epulo 1972

Nsofwa,

Moni. Lero ndakutchula dzina lako lenileni. Mwana umupsopsone. Za thanzi usafunse. Alamu, werengani basi, lero ndilibe nanu mawu.

Unadziwa. Iwe unadziwa kuyambira Okutobala, n'chifukwa chake unafunda chitenje kumaso.

Dzulo masana tinali ndi dansi yotsanzikana, poti lole yopita kojambula mbale inyamuka mawa. Ndinavala malaya ofiira aja. Tili pakati pa Maliro, ine ndili chagada, miyendo m'mwamba, zala zikuthamanga kuposa kale lonse, ndinangoona nsapato za kumgodi pafupi ndi mutu wanga. Ba Katongo. Munthu woti sanapondemo m'holo chibadwire. Anawerama, n'kugwira chingwe cha gitala yanga, n'kuyamba kuchilondola ngati wokumba mbewa. Chinadutsa pansi pa mkeka, kuseri kwa ng'oma, ku ampu osafikako. Chinali chomangirira kumwendo wa mpando. Anachimasula, n'kubwera nacho, n'kundiika nsonga yake m'dzanja, momwe ankandiikira thonje.

Ndinayang'ana anthu. Pakamwa ponse yasa, ena agwira m'mimba, mayi wa munkoyo akupukuta misozi. Wodabwa panalibe ngakhale mmodzi. Ndiye kuti chimenechi ndi chomwe ankalipirira pakhomo miyezi yonseyi. Sampa sanasiye n'kuimba komwe. Titatha anandikolowekera dzanja m'khosi n'kukuwira m'khutu lamanzere, lomwe likadali ndi kabowo, "Usakwiye, mwana wa mayi! Unkatisokoneza, koma anthu amakukonda! Malayawo usiye, avala wina!" Lole sindikwera.

Nditafika kuchipinda ndinaika Maliro a Chidakwa. Zii. Kenaka, kaya chinandituma n'chiyani, ndinaluma thabwa la galamafoni ndi mano. Nsofwa, limba linabwera! Linadzera m'mano, m'chibwano, mpaka m'mutu, anthu aja anyamula bokosi lawo akudzandira. Mavu aja nawonso anabwera, akukwera, akukwera. Si chigayo. Ndikanenabe ngakhale m'manda, palibe chokoma chomwe anthu anapangapo kuposa chimenechi. Ndinadikira kaudzudzu kanga, dovu likutsikira pambale. Singano inafika, inadutsa. Sikanabwere. Sampa sananame, mbale ili bwinobwino, operepeseka ndi makutu angawa.

Mawu a Kangwa ndi otani? Ndi aang'ono choncho? Alamu, mundilembere mmene amamvekera. Inu mumadziwa mawu ambiri.

Ba Katongo anandipeza ndili chilumire thabwa ngati galu. Ndinkayesa andipepesa. Anatseka chitseko, kukhala pabedi langa, kundigwira chibwano ndi dzanja lake longa mwala lija, n'kunditembenuzira kwa iye. Anawomba m'manja mwaulemu. Anamwetulira mpaka mano onse, ochepa omwe atsalawo. Ndiye anakuwa, moti ndinamva lililonse:

"Yang'ana milomo, mwana wanga, ndiwo makutu ako tsopano. Ine ndinaphunzira iwe usanabadwe. Tiyambe ndi zophweka, zomwe ukuzidziwa kale. 'Wadzuka bwanji, chikutumbwe chonunkha mkodzo?' Waona mmene imayendera? Tsopano yankha kuti, 'Bwino, Mulungu akusungeni.' Ndi mmene timayankhira ife."